Kaseti, fulashi, bandi kapena mafirizi: chiti chingakubwezereni ku Fomu 2?

M'kati mwa chivindikiro cha thiranki yanga yachitsulo ya kusekondale munali chithunzi cha Shane Filan wa gulu la Westlife. Ndinachidula m'magazini ya ku South Africa imene inali itadutsa m'manja mwa hositelo yonse, n'kuchimata ndi nsima chifukwa guluu ndinalibe. Teremu isanathe mphemvu zinali zitadya khutu lake lakumanzere, koma usiku uliwonse tikachoka ku pulepu ndinkatsegulabe thirankiyo kuti ndimuone kaye ndisanagone. Mnyamata wa ku Sligo, ku Ireland, wosadziwa n'komwe kuti ndilipo. Mnzanga wa bedi lapamwamba ankafera Usher, ndipo tinakhalapo masiku awiri osalankhulana pa nkhani ya amene anali wooneka bwino pa awiriwa.

Zimenezi zatumphuka chifukwa ife amene tinalemba MSCE mu 2002 tinagwirizana zokumana pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo anandiponyera m'kakomiti koyendetsa zinthu. Ndalama zimene tinasonkha zinali zongokwana holo, nkhuku ndi chinthu china chimodzi. Chinthu chimodzicho n'chimene chinatidanitsa. Wina ankafuna bandi, wina DJ, wina anati aliyense akafukule makaseti kwawo, ine ndinkangoganiza za mafirizi. Poti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndinaganiza zoyesa njira zonsezi ndekha kwa miyezi iwiri. Ngati nanunso kupukwa kwa masiku amenewo kwakugwirani, kaya muli nokha kaya muli gulu, nazi zimene ndinapeza.

Kufukula makaseti

Iyi ndi njira yovuta kuposa zonse, ndipo ndiyambira yomweyi chifukwa ndi imene inandiliza.

Makaseti athu anali amitundu iwiri. Panali ogula, okhala ndi chikuto chachithunzi, amene ambiri a oyimba a kuno kwathu ankadutsa kwa O.G. Issa. Ndiye panali opanda kanthu, a C60 kapena C90, oti mphindi 30 kapena 45 mbali imodzi, amene tinkajambulira tokha pawailesi. MBC Radio 2 itayamba mu 1997, kenako Power 101 ndi Capital FM zitabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ntchito ya Loweruka masana inali kukhala pafupi ndi wailesi zala ziwiri zili pa mabatani, kudikira nyimbo yako. Muulutsi akalankhula nyimbo ili m'kati unkamutukwana chamumtima. Kaseti ikadzaza unkajambulanso pamwamba pa zakale, ndipo ngati timabowo take tapamwamba tinali totseguka unkayamba watitseka ndi pepala lotafuna.

Anga ndinawapeza kwa mayi anga, m'katoni pansi pa bedi, asanu ndi anayi. Atatu anali atachita chuku. Wailesi yoti n'kuwaseweretsa ndiyo inavuta. Ndinaipeza kwa msuweni wanga, koma itangoyatsidwa inangolira "hmmm" osazungulira. Wokonza mawailesi kumsika ataitsegula anandionetsa lamba wake atasungunuka ngati phula.

"Mami, izitu n'za ku museum," anatero uku akuseka. Koma anaikamo lamba wina, ndipo inayenda.

Kaseti yoyamba inamezedwa pa mphindi yachiwiri. Ndinaitulutsa riboni ili lendelende, n'kufunafuna cholembera cha Bic, ndipo dzanja linakumbuka lokha kazunguzidwe kake. Yachiwiri inali ya nyimbo zojambula pawailesi. Mawu ake anali ngati akuchokera m'chitsime, mwina kuthamanga mwina kukoka. Ndiye pakati pa nyimbo ziwiri, pamene ndiyenera kuti ndinadina batani lolakwika tsiku limenelo, panamveka chitseko, kenako mawu a malemu bambo anga: "Ndani wachotsanso mabatire mu tochi yangayi?" Masekondi anayi okha. Ndinali ine wochotsayo. Ndinakhala pansi pakhonde mpaka dzuwa kulowa.

Palibe njira ina pa zonse ndatchule m'munsimu imene ingakupatseni zoterezi, chifukwa kaseti yojambula wekha imasunga nyumba yonse, osati nyimbo yokha. Koma ndi njira ya munthu mmodzi kapena abale atatu pa mkeka. Mu holo ya anthu makumi asanu siingathandize: mawu ndi ochepa, phokoso la "sssss" ndi lambiri, ndipo kufuna nyimbo inayake ndiye kudikira ikuzungulira anthu akukuyang'ana. Mukafuna kuyesa, yambani mwaizunguza ndi cholembera kuchokera koyamba mpaka kumapeto kuti riboni imasuke, pukutani kamutu kowerenga kaja ndi thonje lonyowetsa sipiriti, ndipo ya chuku musaiike n'komwe, idzaipitsa zinzake. Ikaduka, kachidutswa kakang'ono ka selotepi kamalumikiza bwino kuposa kyutekisi amene tinkagwiritsa ntchito kale. Chachikulu: lumikizani wailesiyo ku kompyuta ndi kachingwe, mujambule ndi pulogalamu yaulere ya Audacity pa ulendo woyamba womwewo. Kaseti ya zaka zoposa makumi awiri ikhoza kulira kamodzi kokha.

Fulashi ya kwa anyamata obena nyimbo

Pamsika uliwonse pali kakontena kapena kabenchi ka mnyamata wa kompyuta ndi sipika yaikulu. Ndinapita ndi fulashi ya 8GB.

"Anti, mukufuna ma old school?" Sindinali nditalankhula kanthu. Nkhope yanga ndi imene inayankha.

Ubwino wa njira iyi ndi woonekeratu. Nyimbo ya mphindi zinayi ya MP3 wamba imadya pafupifupi 4MB, ndiye fulashi ngati yangayo imanyamula nyimbo pafupifupi 2,000. Sifuna bandulo, sifuna netiweki, imalira m'galimoto, pa sipika ya kunyumba, paliponse. Ndipo pa nyimbo za kuno kwathu za m'ma 1990, za ku Balaka, za ku Chileka, za makwaya amene anatulutsa kaseti imodzi n'kuzimirira, anyamata amenewa ali ndi nkhokwe yoposa imene ndinaipeza pa intaneti. Amapatsirana okhaokha zaka ndi zaka.

Kuipa kwake, amakuthirira ngati akuthira chimanga m'thumba. Nditafika kunyumba ndinapeza nyimbo imodzi ili kanayi, ina dzina la woyimba ndi lolakwika, ina yadukira pakati, ndipo zambiri zili ndi mawu a DJ wina wake akukuwa dzina lake mphindi iliyonse. Theka la "old school" yake inali ya 2012, nthawi imene ine ndinali kale ndi ana awiri. Kompyuta yanga inalandiranso kachilombo kaulere. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi mndandanda wolemba papepala, ndinakhala pabenchi ola lathunthu tikumvetsera chiyambi cha nyimbo iliyonse, ndipo ndinatuluka ndi nyimbo 120 zokha koma zoona.

Pali nkhani ina imene sitiyenera kuibisa. Pa ndalama imene mumapereka pakontenapo, woyimba kapena ana amene anawasiya salandirapo mwachindunji. Lamulo la zokopera la 2016 linabweretsa kandalama kodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo, kamene COSOMA, bungwe loona za umwini wa luso, limagawa kwa eni luso, ndiye pang'ono pamabwerera. Komabe ngati woyimba amene munkamufila ali moyo ndipo akugulitsa nyimbo zake kapena akuchita shoo, njira yomuthokoza ndi imeneyo.

Pa phwando, fulashi yosankhidwa bwino inaposa zonse pa mtengo. Ngati mukulemba DJ, funsani zaka zake musanafunse mtengo wake.

YouTube, Spotify ndi zinzake

Apa ndiye pali chilichonse cha kunja. Westlife, Backstreet Boys, Brandy, Boyz II Men, Brenda Fassie, kwaito yense wa ku Johannesburg, rhumba ya ku Kinshasa, zonse zili poyera, zomveka bwino kuposa mmene tinazimvera kale. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, ndipo ngati mukungomvetsera osaonera kanema, bandulo imakhalitsa. YouTube imadya kwambiri, koma ndi kumene kuli mavidiyo, ndipo kwa ife amenewo ndi nkhani. Television Malawi inayamba mu 1999. Ambirife nkhope za oyimba tinkazionera pa Channel O kunyumba kwa aneba a dishi, titaima pawindo, kapena osaziona n'komwe. Pali oyimba amene ndawaona akuyenda koyamba ndili ndi zaka 40.

Nyimbo zakale za ku Malawi ziliko mwa apo ndi apo, zambiri zoikidwa ndi anthu okonda amene anazikopera ku makaseti awo, chithunzi chili chikuto chokhachokha.

Vuto la njira iyi silili pa ndalama. Pali nyimbo ina imene ndili Fomu 2 ndinkaidikira mlungu wathunthu kuti ilire pawailesi, ndipo ikalira ndinkathamanga kuchoka kochapa manja ali thovu. Ndinaipeza pa YouTube m'masekondi asanu. Ulendo woyamba tsitsi linaima. Wachiwiri ndinaimba nawo. Pofika wachisanu ndi chimodzi usiku womwewo ndinali ndikuyankha mauthenga pafoni iyo ikulira. Ndinaipha ndekha. Akatswiri a za ubongo amati zimene munthu amakumbuka mwamphamvu ndi za pakati pa zaka 10 ndi 30, n'chifukwa chake nyimbo za nthawi imeneyo zimatigwira chonchi. Koma nyimbo ikamalira tsiku ndi tsiku kukhitchini kwako kwa lero, imayamba kununkha za lero. Mukaipeza, muziisunga ngati mbale za alendo.

Chinanso, intaneti idzakuonetsani mawu enieni a nyimbo. Tonse tinali ndi kope la nyimbo, lolembedwa ndi zolembera zamitundu, maluwa m'mbali. Ndinayerekeza langa ndi mawu enieni: mzere umodzi mwa itatu iliyonse unali Chingelezi chopeka ndekha. Ndipo nyimbo ina imene tinaimba pa variety show pamaso pa asisitere, nditamva tanthauzo lake lero, ndinagwira pakamwa.

Kukamufufuza amene munkamufera

Iyi ndi yaulere, ndipo aliyense amaichita usiku ena atagona. Ndikuchenjezeni.

Shane wanga anakwatira mu December 2003, chaka chimodzi nditangomaliza sukulu, ndipo anakwatira mtsikana wakwawo amene anadziwana naye kuyambira ali ana. Ine nthawi yonse ija ndinkapikisana ndi munthu amene anali atapambana kale. Mu 2012, chaka chimene Westlife inayamba yapatukana isanabwererane mu 2018, khoti linagamula kuti walephera kubweza ngongole, bizinesi yake ya nyumba itagwa. Lero ndi bambo wa ana atatu, wooneka ngati mphunzitsi wamkulu wa sukulu yabwino. Palibe cholakwa chimene anachita. Anangokula, pamene m'thiranki mwanga anali adakali ndi zaka 20.

Anyamata a kalasi yathu awo ndi ena. Ambiri ankafera Aaliyah, amene anamwalira pa ngozi ya ndege ku Bahamas pa 25 August 2001 ali ndi zaka 22. Iwo alibe choti akafufuze. Mmodzi wa m'komiti, bambo wa mimba yake ndi dazi lake, anangoti, "Ameneyo musamutchule, asisi," ndipo sankaseka.

Ndaona kuti oyimba a kuno kwathu sapweteka chonchi, chifukwa anakula tikuwaona. Lucius Banda ndi Billy Kaunda analowa ku Nyumba ya Malamulo mu 2004 tikuonerera. Ethel Kamwendo Banda, amene anyamata ambiri a nthawi yathu ankameza malovu akamuona pa siteji, anatembenukira ku nyimbo zauzimu tili pompo. Mlaka Maliro anadzakhala m'busa. Tinakumana nawo pa maliro, pa misonkhano, pa filling station. Imvi zawo zinabwera limodzi ndi zathu. Wa pachithunzi chodula m'magazini ndi amene amakudzidzimutsa, chifukwa zaka zonse makumi awiri zimakugwera tsiku limodzi.

Bandi yeniyeni

Kumvera nyimbo pafoni ndi kuimvera pakati pa anthu mazana amene onse akudziwa mawu ake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Besi ikagunda pachifuwa, miyendo imakumbuka sitepe imene mutu unaiwala. Pa zimenezi bandi ilibe mnzake. Black Missionaries ikuyendabe m'dziko muno, ndipo chaka ndi chaka ku Chileka kumakhala mwambo wokumbukira Evison Matafale, amene anamwalira mu November 2001 ife tili Fomu 3. Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978, ikadalipo.

Koma muzipita mukudziwa kuti mawu ambiri amene munkawakonda kulibenso. Matafale kulibe. Wambali Mkandawire anatisiya mu January 2021. Lucius anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa. Amene akuimba nyimbo zawo ndi abale, ana ndi anzawo, ndipo ngakhale aziimba bwino chotani, pali malo ena m'nyimbo pamene khutu limadikira mawu amene sabwera. Ena zimenezi zimawatonthoza, ena zimawawawa. Ine zinandichitikira zonse ziwiri usiku umodzi.

Ndiye pali za thupi. Shoo yolembedwa kuti iyamba 8 koloko inayamba cha m'ma 11. Pofika 1 koloko mawondo anali akundifunsa mafunso, wina anali atandithira mowa pa nsapato, ndipo ndinkaganiza za mtsikana amene ndinamusiyira ana.

Kulemba bandi kuti ibwere pa mwambo wanu ndiye kuboola thumba: galimoto yonyamula zida, jenereta, chakudya cha anthu khumi ndi angapo, kuphatikiza malipiro awo. Ndipo bandi ya reggae sikuimbirani Westlife. Komiti yathu itaona mtengo, amene anabweretsa ganizoli anayamba yekha kunena kuti fulashi ilinso bwino. Nzeru yake ndi yoti musailembe: dikirani ikabwera m'tauni mwanu, mugwirizane anthu khumi, aliyense adzilipirire pakhomo.

Zotsekemera: za m'sitolo ndi za pageti

Apa ndiye pamene ndinkafuna kufika.

Ndinayamba ndi za m'sitolo, chifukwa n'zosavuta. Kamba puffs a Universal Industries akadalipo. Sobo alipo. Chingamu cha Chappies, chochokera ku South Africa, chija chokhala ndi timafunso tachidziwitso m'kati mwa pepala lake, chimapezekabe. Anzathu a ku Johannesburg Chappies amangogula pa shopu ya pakona, koma iwo ndi a ku UK akamva kuti wina akubwera kuchokera kumudzi, pempho loyamba ndi botolo la Sobo ndi mapaketi a Kamba. Ndinagula zonsezi, ndi Cherry Plum ndi Cocopina, n'kukhala patebulo ngati mwana wa bwana.

Zinandikhumudwitsa. Chingamu chinatha kukoma pa mphindi ziwiri, nsagwada n'kuyamba kuwawa. Chakumwa chinali chotsekemera mpaka kuwawa pakhosi. Paketi ya puffs inaoneka yaing'ono m'dzanja langa. Ndinayamba kunena zimene aliyense amanena, kuti anasintha kapangidwe. Kenako mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi anatenga paketi ija, anadya, ananyambita zala zachikasu chimodzichimodzi, anang'amba paketi n'kunyambitanso m'kati. Ndinazindikira kuti chachikulu chimene chasintha chili m'kamwa mwanga. Ana amakonda shuga wambiri kuposa akuluakulu, ndipo lilime limasintha munthu akamakula.

Koma si lilime lokha. Sobo wa kusukulu ankakoma chifukwa cha nyemba zofumbwa ndi mgaiwa wa ku dayiningi. Botolo limodzi linkayenera kufika pakati pa teremu, ndiye unkalisungunula mpaka m'kapu mungotsala mtundu, n'kulembapo mzere ndi cholembera kuti udziwe ngati wina wakubera. Chingamu chimodzi tinkadula pawiri ndi mano, ndipo chikatha kukoma ena ankachimata kuseri kwa bedi kuti mawa apitirize (ine ayi, ndikungonena). Switi imodzi ya pa okala, yogula ndi kandalama kachitsulo kotsala pa chigayo, inkayenda m'kamwa kuchokera pa okalapo mpaka kunyumba, osaitafuna. Lero ndikhoza kugula paketi yonse, ndipo n'chifukwa chake sikukoma.

Za pageti ndi nkhani ina. Tsiku lina ndinaima pa geti la sukulu ya pulayimale nthawi ya buleki, pamene amayi amakhala ndi mabeseni awo. Fungo la zitumbuwa zotentha, nthochi yopsa ndi mafuta, linandimenya ndisanafike n'komwe, ndipo ndinaona bwinobwino yunifolomu yanga ya Sitandade 5 ndi thumba lake lothimbirira mafuta. Fungo limachita zimenezi kuposa maso ndi makutu, chifukwa njira yake mu ubongo imadutsa pafupi kwambiri ndi mbali zosunga chikumbumtima ndi mmene munthu akumvera. Ndinagula zitumbuwa, zigege zothira tsabola ndi mchere, ndi chigumu chodula mwa makona anayi.

"Mukagawire ana, mayi?" anafunsa wogulitsayo.

"Eya," ndinanama. Ndinadyera m'galimoto, mawindo otseka.

Izi sizinasinthe chifukwa palibe fakitale imene inazigwira. Chitumbuwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, ufa, kamchere ndi soda, basi. Chigumu ndi mgaiwa, shuga pang'ono ndi soda, chophikidwa mumpoto makala pansi ndi pamwamba. Mukachiphika mu uvuni wamagetsi ndi mazira ndi majarini chimakhala keke yabwino, koma si chija. Chimafuna kautsi ndi kupserera pang'ono m'mphepete. Pa mtengo, ndalama ya botolo limodzi la chakumwa imagula zodzaza mbale. Ndipo ngati mwambo wanu uli m'nyengo yake, onjezani masuku, amene amapsa kumayambiriro kwa dzinja, kapena bwemba ndi masawu ouma. Zimenezi zinali maswiti a ife amene kandalama kachitsulo kankatisowa.

Mfumu ya zonse ndi firizi ya malambe. Mumaviika malambe m'madzi ofunda mpaka ufa wake usungunuke, mumasefa njere ndi ulusi, mumathira shuga, ena amathira kamkaka, n'kuthira m'timapepala, kumanga, kuika mu firiji usiku wonse. Kadyedwe kake aliyense amakadziwa: kuluma kakona, kulavula kapulasitiki, kuyamwa mpaka kutsale ayezi woyera wopanda kukoma, kenako kumutafuna ameneyonso. Zinthu ziwiri zoti musamale. Madzi akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inali yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, inatiphunzitsa kusagula firizi ya madzi osadziwika, makamaka nthawi ya mvula. Chachiwiri, mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 ndi oletsedwa m'Malawi, ndiye funani okhuthala kapena timakapu. Ndivomereze kuti ya m'kapu imakoma chimodzimodzi koma siikumbutsa kanthu. Kakona koluma kaja n'kofunika.

Ndipo poti tonse tafika zaka zimene dokotala amatchula shuga ndi BP, izi ndi za tsiku limodzi, osati za mlungu uliwonse.

Zimene tinasankha

Mukakhala nokha ndipo mukufuna kulira pang'ono, fukulani kaseti. Mukafuna nyimbo inayake ya kunja usiku uno, YouTube, koma kamodzi. Mukafuna kuvina, dikirani bandi ibwere. Wa m'thiranki musiyeni m'thiranki. Ife a gulu tinatenga fulashi ya nyimbo 120 ija, tinabwereka sipika kutchalitchi kwa mmodzi wa ife, tinapatsa oda amayi awiri a pageti kuti atiphikire zitumbuwa ndi zigege m'mawa wa tsikulo, ndipo mafirizi ndinati ndipanga ndekha. Tinauzanso aliyense kuti abweretse chinthu chimodzi cha nthawi imeneyo. Kunabwera makope a nyimbo atatu, tayi ya sukulu, kalata yachikondi yothiridwa pafyumu imene mwini wake anakana kuti iwerengedwe, ndi chithunzi cha Usher chimene mnzanga wa bedi lapamwamba uja wasunga m'Baibulo mpaka lero. Iyeyu ndi mayi wa chigwirizano kumpingo kwawo.

Mafirizi ndinapanga 100, kuti aliyense adye awiri. Usiku wake magetsi anazima cha m'ma 10 n'kuyaka m'bandakucha. Amene anaundana anali a pansi okha, 27. Enawo anali madzi. Ndinafika ku holo manyazi ali tho, ndinaika cooler box pakona osanena kanthu.

Sipanathe mphindi zisanu. Anthu a masuti ndi mawigi anaunjikana pakonapo ngati pawindo la takishopu, kukankhana ndi zigongono. Wina anabisa awiri m'chikwama n'kugwidwa. Ndinaona bambo wina amene masiku ano ndi bwana ku banki, amene anafika ndi dalaivala, atatsalira wopanda kanthu, akutsatira mnzake wa desiki limodzi uku atatambasula dzanja.

"Aise, undisiyireko kotsalako."

"Iwe unandimana Sobo Fomu 1."

"Unali wa mlongo wanga ameneyo, aise. Kakona kokha."

Anamupatsa utatsala ayezi woyera. Anautafuna pomwepo, madzi akutsikira pa tayi.